Mwana akamathawa pamalo pamene pali nsima ndi bedi

Anthu amene amachokera ku Area 10, Area 12 kapena Area 43 kutsikira ku Old Town amawaona tsiku ndi tsiku ana aja oima pa maloboti, pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe, m'mbali mwa msika wa Tsoka ndi m'makwalala a mumsewu wa Malangalanga. Akauzidwa kuti ena mwa anawo anakhalapo kale m'nyumba zosungirako ana koma anathawamo, amagwira pakamwa. Mwana angasiye bwanji bulangete, phala lam'mawa ndi sukulu yolipiridwa kale, n'kukagona pa katoni pakhonde la sitolo? Mayankho sachedwa kubwera. Ndi wosayamika, ndi wosamva, analowerera, anazolowera tindalama ta mumsewu. Ena amati ali ndi ziwanda, ena amati ndi magazi a kwawo. Mawu omwewo amanenedwanso kwa amene sanathawe koma agwidwa ndi chamba kuseri kwa khitchini, kwa mtsikana wa fomu 2 amene wapezeka ndi mimba, ndi kwa mnyamata amene wathyola dzino la mnzake chifukwa cha sopo. Mayankho amenewa ndi olakwika, ndipo kulakwika kwake kukutayitsa ana. Zambiri zimene timazitcha khalidwe loipa mwa achinyamata a m'nyumba zimenezi ndi zizindikiro za mabala a mumtima amene anabwera nawo pachipata, mabala amene nsima yokha siichiza, ndipo chikwapu ndi kuthamangitsa zimangowakulitsa.

Tiyambe ndi kufunsa kuti ana amenewa ndi ayani. Nyumba zambiri zinamangidwa m'zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, pamene Edzi inkatha makolo mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa kwaulere mu 2004. Kalembera wa boma ndi UNICEF wa 2011 anapeza nyumba 104 zokhala ndi ana pafupifupi 6,000. Pofika 2014 chiwerengero chinali chitadutsa 10,000, ndipo mu 2017 chinatsikira cha m'ma 8,000. Ngakhale timazitcha nyumba za ana amasiye, ambiri mwa anawo ali ndi kholo kapena wachibale wamoyo. Chimene chinawachotsa pakhomo kawirikawiri ndi umphawi, kutha kwa banja, nkhanza za bambo kapena mayi owapeza, matenda a kholo, ngakhalenso kunamiziridwa ufiti. Tanthauzo lake n'lakuti palibe mwana amene amalowa m'nyumba yotere zinthu zili bwino kumene akuchokera. Wina anasamalira mayi ake mpaka kuwatseka maso ali ndi zaka 9. Wina anaona katundu wa bambo ake akugawidwa tsiku lotsatira maliro, iye n'kumangopatsirana pakati pa azakhali ndi amalume. Wina anagwiriridwa ndi munthu amene ankamutcha achimwene, atanena n'kuuzidwa kuti za m'nyumba saulula.

Kuti nkhanza zotere n'zofala m'dziko muno si nkhambakamwa. Kafukufuku wa dziko lonse wa nkhanza zochitikira ana, amene boma linachita mu 2013, anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa 5 alionse ndi mnyamata mmodzi mwa 7 alionse anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanafike zaka 18. Atsikana pafupifupi 2 mwa 5 ndi anyamata pafupifupi 2 mwa 3 anamenyedwapo mwankhanza. Amene analandira thandizo lililonse anali ochepa kwambiri. Manambala amenewa ndi a ana onse, a m'mudzi ndi a m'tauni, okhala ndi makolo awo. Nanga kuli bwanji ana amene zinthu zinafika poipa mpaka kuchoka pakhomo? Nyumba yosungirako ana imasonkhanitsa pansi pa denga limodzi ana amene anamva zowawa kuposa anzawo onse, kenako timadabwa kuti sakukhala ngati ana a kwaya.

Mmene zowawa zaubwana zimasandukira khalidwe loika moyo pachiswe n'zodziwika bwino tsopano. Mu 1998 madokotala Vincent Felitti ndi Robert Anda anafalitsa zotsatira zoyamba za kafukufuku amene anachitika ku San Diego, m'dziko la America, yemwe pamapeto pake anakhudza anthu oposa 17,000. Anthuwo ankafunsidwa ngati ali ana anamenyedwapo, kugwiriridwa, kuona mayi awo akumenyedwa, kapena kukulira pakhomo pa chidakwa, wodwala maganizo kapena womangidwa. Amene anakumana ndi mitundu 4 kapena kuposerapo ya zowawazi anapezeka kuti chiopsezo chawo chokhala zidakwa chinali chochuluka ka 7, ndipo choyesa kudzipha chinali chochuluka ka 12, poyerekeza ndi amene sanakumane nazo. Chifukwa chake chili m'thupi. Mwana amene amakhala mwamantha usiku ndi usana thupi lake limazolowera kukhala tcheru, mtima kugunda msanga, tulo kusabwera, maso kuyang'ana pakhomo. Kumene anachokera, kukhala tcheru kumeneko n'kumene kunamupulumutsa. Vuto ndi lakuti thupi silidziwa kuti nkhondo inatha. Ndipo zonsezi zimakumana ndi msinkhu wa unyamata, pamene mbali ya ubongo imene imathandiza munthu kudziletsa imakhala isanakhwime mpaka zaka za m'ma 20.

Amayi osamalira ana m'nyumbazi amazidziwa zizindikirozi ngakhale sanaphunzire mayina ake. Mnyamata wa zaka 14 amabisa mtanda wa nsima pansi pa matiresi mpaka kuchita nkhungu, chonsecho chakudya sichinaperewerepo chibwerereni. Mtsikana wamkulu ndithu amakodza pogona, n'kudzuka mbandakucha kukachapa nsalu anzake asanaone. Chitseko chikamenyeka ndi mphepo, wina amadumpha n'kukunga chibakera. Mphunzitsi akangokweza mawu, wina amauma gwa, maso tong'o, osayankha, ndipo amalembedwa kuti ndi wamwano. Mwana wotere akakoka chamba koyamba amapeza chinthu chimene palibe wamkulu anamupatsapo: mutu umakhala phee kwa maola angapo. Kachasu ndi timabotolo ta mowa wotchipa, timene tinalowa m'malo mwa masacheti boma litawaletsa, zimamubweretsera tulo. Mtsikana amene anaphunzitsidwa ali wamng'ono kuti thupi lake ndilo lokhalo limene akuluakulu amalifuna kwa iye savuta kukopedwa ndi chidyamakanda choimika galimoto ku Bwandilo, ndipo pamenepo mpamene pamalowera mimba ndi kachilombo ka HIV. Kuthawa nakonso kuli ndi nzeru yake yomvetsa chisoni. Mwana amene anasiyidwa kangapo amayamba kuchoka yekha asanasiyidwenso, ndipo kumsewu amakapeza gulu la anzake limene, ngakhale lili lankhanza, silimufunsa za kumene wachokera.

Apa wina anena kuti m'mera mpoyamba, mwana amafunika mwambo, ndipo tonsefe tinakula ndi chikwapu koma sitinapenge. Mfundoyi ili ndi mbali yoona. Mwana wovulala mumtima amafunikadi malamulo omveka, nthawi yodziwika yodyera ndi yogonera, ndiponso wamkulu wotha kunena kuti ayi. Chipwirikiti chimamuopsa kuposa mwana wina aliyense. Koma chikwapu cha agogo amene anakulera kuyambira uli kumsana, amene madzulo ake anakuitana kudzadya m'mbale yawo, n'chosiyana ndi chikwapu cha munthu wolembedwa ntchito miyezi itatu yapitayo pathupi la mwana amene anathawa kumenyedwa. Kwa mwana uyu chikwapucho chimangotsimikiza zimene ankaziganizira kale, zoti akuluakulu onse ndi amodzi. Chilango choopsa kuposa zonse ndi chija chimaoneka chaulemu, chomuuza kuti alongedze katundu wake. Nyumba zina zili ndi lamulo loti wogwidwa ndi chamba kapena wotenga mimba achoke, pofuna kuteteza anzake ndi mbiri ya malowo kwa opereka thandizo. Kuteteza ana enawo n'kofunika, ndipo palibe amene angakane. Komabe kuchotsa mwana pa nthawi imene bala lake laonekera poyera kuli ngati chipatala kutulutsa wodwala chifukwa choti watentha thupi. Amene wathamangitsidwa sabwerera kwa makolo achikondi amene kulibe. Amapita ku depoti, ndipo kuchokera kumeneko njira yopita m'chitokosi cha polisi kapena kusukulu zosinthira khalidwe za Mpemba ku Blantyre ndi Chilwa ku Zomba ndi yaifupi.

Ena amati nkhani ya mabala a mumtimayi ndi ya azungu, ya anthu okhuta, ndipo vuto la mwana wa ku Mtandire kapena ku Chinsapo ndi njala basi. N'zoona kuti ambiri mwa anthu a ku San Diego aja anali opeza bwino, ndipo n'zoonanso kuti mwana wanjala sangamve uphungu. Koma kafukufuku wathu yemwe uja wa 2013 anasonyeza njira yomweyo pakati pa Amalawi: amene anachitidwa nkhanza ali ana ndiwo ankanena kawirikawiri za kuvutika maganizo, kuganiza zodzipha ndi mchitidwe wogonana moika moyo pachiswe. Ndipo nyumba zosungirako ana ndizo umboni waukulu wotsutsa mfundo ya njalayi, chifukwa m'menemo njala inathetsedwa koma khalidwe lija silinathe. Makolo athu nawonso ankadziwa kuti imfa ndi zoopsa zimasiya kanthu mwa munthu, n'chifukwa chake panali kugona pa siwa, kumeta, ndi kukhala ndi ofedwa masiku angapo. Mwana amene anatengedwa pagalimoto maliro a mayi ake atangotha, n'kukafikira pabedi la nambala pakati pa alendo, anamanidwa zonsezo. Tiyeneranso kuvomereza kuti si mwana aliyense wovulala amene amalowerera. Ambiri amapirira, amakhoza mayeso, amafika ku yunivesite. Koma ofufuza akafunsa chimene chinawasiyanitsa ndi anzawo, yankho limene limabwerezedwa m'maiko osiyanasiyana ndi limodzi: panali wamkulu mmodzi amene sanachoke.

Pamenepa mpamene nyumba zambiri zimalephera, ngakhale zoyendetsedwa ndi anthu oona mtima. Mayi mmodzi amapatsidwa ana 15 kapena 20, malipiro ake ndi ochepa, maphunziro a mmene angachitire mwana akakwiya kapena akadzicheka sanalandirepo, ndipo akapeza ntchito ina amachoka. Alendo odzipereka ochokera kunja amabwera milungu iwiri, amanyamula ana, amalira potsanzikana, n'kukwera ndege ku Lumbadzi. Nyengo ya Khrisimasi makampani a ku City Centre amabwera ndi matumba a shuga ndi mafuta ophikira, ana amaimba, zithunzi zimaikidwa pa Facebook. Palibe choipa pa shuga, koma mwana amaphunzirapo kuti chikondi ndi chinthu chobwera pagalimoto n'kuchoka dzuwa lisanalowe. Ku Romania, kafukufuku amene anayamba mu 2000 mumzinda wa Bucharest anatsatira ana 136 a m'nyumba za boma, theka lawo n'kuikidwa m'mabanja owalera. Amene anapita m'mabanja, makamaka asanakwane zaka 2, anakula bwino m'nzeru ndi m'kutha kukhulupirira munthu kuposa amene anatsala. Chimene anapeza m'mabanjamo sichinali chakudya chokha. Anapeza nkhope imodzi imene inkabwera akalira. N'chifukwa chake njira ngati ya mudzi wa ana wa SOS ku Lilongwe, yoika ana ochepa m'nyumba imodzi ndi mayi wokhazikika, ili ndi nzeru kuposa chipinda chachikulu cha mabedi ondandana.

Kodi ndiye titseke nyumba zonse, ana abwerere kwawo? Dziko lonse lapansi likulowera kumeneko. Malangizo a United Nations a 2009 amati kusunga mwana m'nyumba yotere kukhale kwa pamene njira zina zalephera, ndipo lamulo lathu losamalira, kuteteza ndi kuweruza ana la 2010 limaika patsogolo banja ndi ubwino wa mwanayo. Boma ndi UNICEF anayesa ntchito yobwezera ana kwa abale awo m'maboma a Lilongwe, Blantyre, Dedza ndi Mangochi. Njirayi ndi yolondola kwa ana ambiri, makamaka amene anachoka pakhomo chifukwa cha umphawi wokha, pakuti ndalama zosungira mwana mmodzi m'nyumba yotere zikhoza kuthandiza banja lonse, monga mmene ndondomeko ya Mtukula Pakhomo yasonyezera chiyambireni ku Mchinji mu 2006. Koma tisadzinamize. Ofufuza a ku Duke University, motsogozedwa ndi Kathryn Whetten, atayerekeza ana amasiye a m'nyumba zosungirako ana ndi okhala kwa abale ku Kenya, Tanzania, Ethiopia, India ndi Cambodia, sanapeze kuti a kwa abale ali bwino nthawi zonse, ndipo nkhanza anazipeza mbali zonse ziwiri. Kwa mtsikana amene anagwiriridwa pakhomo, kubwerera kwawo kungakhale kubwerera kwa womugwirirayo. Mwana akabwezedwa popanda wokayendera, bala lake lisanakhudzidwe, pakatha miyezi ingapo amapezekanso mumsewu. Mabungwe amene akhala zaka zambiri pa ntchito ya ana a mumsewu, monga Tikondane ku Lilongwe ndi Chisomo Children's Club, amadziwa kuti kubwezera mwana kwawo ndi ulendo wa maulendo ambiri, wokambirana ndi abale, mfumu ndi aphunzitsi. Choncho funso loti mwana agone kuti ndi theka chabe la nkhani. Theka linalo ndi loti ndani adzakhale naye, ndipo munthuyo akudziwa chiyani za zimene mwanayo anadutsamo.

Chotsutsa cholemera kuposa zonse ndi cha ndalama ndi anthu. Akatswiri a matenda a maganizo m'Malawi ndi owerengeka. Chipatala chachikulu cha matendawa chili ku Zomba, ndipo mu Lilongwe anthu amadalira chigawo cha pa Bwaila ndi a St John of God ku Area 43. Malo a Chikwanekwane pa Kamuzu Central Hospital, nthambi za polisi zothandiza ochitiridwa nkhanza ndi nambala yaulere ya 116 zimathandiza pa tsiku la ngozi, koma sizingayende ndi mwana chaka chonse. Alangizi a boma oona za chisamaliro cha anthu ndi ochepa, ndipo kawirikawiri alibe mafuta a njinga yamoto. Zonsezi n'zoona, koma sizitanthauza kuti palibe chochita, ndipo umboni wake uli pafupi, kwa anansi athu. Ku Lusaka, wofufuza Laura Murray ndi anzake anaphunzitsa anthu wamba, osakhala madokotala, njira ya uphungu yothandiza ana amene anaona zoopsa. Mwana amaphunzira kutonthoza thupi lake, kutchula zimene akumva, kenako kufotokoza pang'onopang'ono zimene zinamuchitikira mpaka zitasiya kumulamulira, womulera ali pambali pake. Pa ana 257 a zaka 5 mpaka 18, zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2015 zinasonyeza kuti zizindikiro zinatsika ndi pafupifupi 82 pa 100 mwa amene analandira uphunguwo, pamene mwa anzawo zinatsika ndi 21 pa 100 yokha. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo kafukufuku wa 2016 anasonyeza kuti njirayo imagwira ntchito. Ngati zinatheka m'makomboni a Lusaka, kumene ana ambiri amalankhula chinenero chofanana ndi chathuchi, palibe chifukwa choti zikanike ku Kawale kapena ku Area 25.

Chimene chikusoweka kwenikweni ndi kusintha kumene ndalama zimapita. Wopereka thandizo amakonda chinthu chooneka, chipupa cholembapo dzina lake, thanki ya madzi, basi yopentedwa. Malipiro a mayi wosamalira ana saoneka pa chithunzi, ndipo maphunziro a alangizi alibe riboni yodula. Koma unduna woona za ana, umene uli ndi mphamvu zolembetsa ndi kuyendera nyumbazi, ukhoza kufunsa zambiri kuposa kuchuluka kwa zimbudzi ndi maneti. Ukhoza kufunsa kuti mwana aliyense ali ndi wamkulu wake wodziwika amene amayankha za iye, kuti mbiri yake inalembedwa ndi kusungidwa mwachinsinsi, kuti ogwira ntchito asintha kangati m'zaka ziwiri, kuti ana angati anathamangitsidwa kapena kuthawa ndipo ali kuti lero. Funso lomalizali ndi limene nyumba zambiri sizingayankhe, chifukwa mwana akatuluka pachipata amachokanso m'kaundula. Pafunikanso lamulo loti mwana asachotsedwe chifukwa cha chamba kapena mimba popanda alangizi a boma kukhalapo ndi kupeza kumene akupita.

Palinso tsiku lina limene silikambidwa mokwanira, tsiku lokwanitsa zaka 18. Chisinthireni malamulo oyendetsera dziko mu 2017, mwana ndi aliyense wosafika zaka zimenezi, ndipo nyumba zambiri zimaona kuti udindo wawo wathera pamenepo. Mnyamata amene sanagulepo makala, sanalipirepo lendi, sadziwa kumudzi kwa mayi ake ndipo alibe malo olima, amapatsidwa chikwama, mwina ndi makina osokera, n'kuuzidwa kuti akayambe moyo. Mnzake wa msinkhu womwewo ku Area 47, amene sanasowepo kanthu, amakhala m'nyumba ya makolo ake mpaka zaka 25 kapena 30, akalephera mayeso amabwereza, akachotsedwa ntchito amabwerera kuchipinda chake. Amene anavulala kwambiri ndiye timamuyembekezera kuima payekha msanga kuposa onse. Mipingo ya mumzinda uno wa Lilongwe, imene ili ndi magulu a amayi ndi abambo m'dera lililonse, ikhoza kumupezera banja limodzi loti azikadyako Lamulungu, loti alembe dzina lake pa fomu ya ntchito pamene afunsa za wachibale, loti aliimbire foni usiku umene landilodi wamutulutsira katundu panja. Kampani imene chaka chino yakonza kale bajeti ya shuga wa Khrisimasi ikhoza kupatulapo gawo lolipirira mlangizi mmodzi kwa miyezi 12, n'kudzafunsa mu Disembala wotsatira kuti ana angati amene akanathamangitsidwa adakali pa sukulu.